Kusonkhanitsa ndalama zakale zodziwika eni ake: poyambira ndi pogona nkhani

Chiyambire tsiku limene ndinatenga kabokosi kanga ka ndalama zakale kukaonetsa ana pa sukulu ina kuno ku Kasungu, foni yanga siipuma. Sabata silitha osalandira chithunzi pa WhatsApp: khobidi loboola pakati lili pachikhatho, pansi pake funso lomwe lija, "Aphunzitsi, iyi ingapite pa zingati?" Ndikafunsa kuti inali ya ndani, yankho limakhala lakuti, "Tinaipeza m'sutikesi ya agogo." Agogo ake ati, akuchimuna kapena akuchikazi? Iwowo anaitenga kuti? Apa foni imangoti zii. Ndayankha mmodzimmodzi kokwanira, tsono ndati ndilembe kamodzi kuti wofunsa aliyense ndizingomulozera pano.

Kwathu kuno wanzeru sagula ng'ombe yopanda kalata ya amfumu, ngakhale inenepe chotani. Kalatayo ndiyo imanena kuti ng'ombeyi yatuluka m'khola la uje, si yakuba. Ndalama yakale nayonso imafuna kalata yake. Amalonda akunja amati provenance, ena amati pedigree. Ine ndimati mzere wa eni ake, ndiko kuti maina a anthu amene anaisungapo, motsatizana, aliyense ndi umboni wake. Ndalama ziwiri zofanana nkhope ndi chaka, ina yodziwika mzere wake ina yongotoledwa, zimasiyana mtengo, ndipo zimasiyananso pa zimene zingatiphunzitse.

1. Dziwani kaye gulu la ndalama imene muli nayo

Zambiri zimene mumanditumizira ndi za nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, zosulidwa kuyambira 1955 mpaka 1964. Khobidi loboola lija lili ndi njovu ziwiri, hafupeni ili ndi akadyamsonga, tiki ili ndi duwa, sikisipensi mkango, shilingi mphalapala, ndipo ya mashilingi awiri ili ndi nkhwazi itagwira nsomba. Mu 1964 tinalandira zathuzathu zokhala ndi nkhope ya Dr Hastings Kamuzu Banda: sikisipensi ya tambala wakuda uja, shilingi ya zisononkho za chimanga, ya mashilingi awiri ya njovu ndi mwana wake. Kwacha ndi tambala zinabwera mu 1971, paundi imodzi n'kukhala makwacha awiri.

Gulu lachiwiri ndi ndalama zimene zinalowa m'dziko muno m'matumba a anthu apaulendo. Amene anapita ku Joni pa Wenela ankabwera ndi tiki ndi mashilingi a South Africa, ndipo obwera 1961 itadutsa ankabwera ndi masenti, poti rand inali itayamba. Ena anabwera nazo kuchokera ku Halale. Ife oyandikana ndi Zambia, makamaka abale athu a ku Mchinji oloweza ku Chipata, timapezanso ngwee za nkhope ya Kenneth Kaunda zimene zinayamba mu 1968, ndi ma escudo a Apwitikizi a ku Mozambique. Mwa apo ndi apo mumatuluka rupiya ya Majeremani ya ku Tanganyika, ya nkhope ya mfumu yawo Wilhelm II.

Gulu lachitatu ndilo la makedzana enieni. Ndalama zachitsulo zinayamba kusulidwa ku Lydia, m'dziko limene lero ndi Turkey, zaka zoposa 600 Yesu asanabadwe. Pali ya siliva ya ku Athens yokhala ndi kadzidzi, yolemera magalamu pafupifupi 17. Pali dinari ya Aroma imene timaimva kutchalitchi. Ku Africa kuno ufumu wa Aksum ku Ethiopia unkasula zake, ndipo mfumu Ezana inaika mtanda pa ndalama m'zaka za m'ma 300. Ku Kilwa, m'mbali mwa nyanja ya mchere ku Tanzania, mafumu ankasula zamkuwa, ndipo imodzi inakapezeka ku Great Zimbabwe. Koma makolo athu kuno ankasinthana mchere, makasu, nsalu, mikanda ndi mkuwa. Munthu akakuuzani kuti wafukula dinari ya Aroma m'dimba ku Chulu, musafulumire kupisa m'thumba.

2. Chotsani m'mutu za chuma chadzidzidzi

Pali mphekesera yosafa yakuti khobidi loboola, kapena rupiya ya Majeremani, lili ndi mphamvu yokoka singano kapena mpunga, ndipo azungu ena akuligula mamiliyoni. Palibe chotere. Makobidi amenewa anasulidwa ochuluka zedi kuti anthu a maiko atatu azigulira mchere ndi palafini. Za chitaganya zonse zimene zinkayenda pamsika zilibe siliva ngakhale pang'ono, za 1964 nazonso zilibe. Za ku Britain zinali zasiliva weniweni mpaka 1919, kuchokera 1920 theka lokha, ndipo kuchokera 1947 siliva anachotsedwamo.

Akathyali amayenda awiri. Woyamba amabwera wovala bwino, n'kunena kuti akufuna ndalama yakutiyakuti ndipo alipira ndalama zankhaninkhani, n'kusiya nambala. Pakapita masiku angapo wachiwiri amatulukira ngati mwangozi ali nayo ndalama yomweyo, akugulitsa "motchipa" chifukwa ali ndi wodwala kuchipatala. Ndikudziwa banja lina cha ku Santhe limene linagulitsa mbuzi zonse kuti ligule kachitsulo kotere. Wogula uja foni yake sinalirenso. Ndimamva kuwawa ndikakumbukira nkhope ya mayi wa m'banjamo.

Chaka cholembedwa pandalama nachonso chimanamiza. Ndalama yasiliva yaikulu ya Maria Theresa wa ku Austria imalembedwa 1780, koma akhala akuisula ndi chaka chomwecho mpaka masiku athu ano, ndipo zilipo mamiliyoni mazanamazana.

3. Pezani zida zisanu

Sikelo yaing'ono ya batire yoyeza mpaka 0.01 ya galamu, ngati imene ogula golide amagwiritsa ntchito. Galasi lokulitsa zinthu. Kope lachikuto cholimba la ntchito imeneyi yokha. Timaenivulopu tapepala, kamodzi pa ndalama iliyonse. Maginito mukhoza kuchotsa m'sipika ya wailesi yakufa: golide, siliva ndi mkuwa sizimamatira maginito, tsono "ndalama ya Aroma" ikamamatira, nkhani yatha. Shilingi ya ku Britain imalemera magalamu 5.66 ikakhala yosaperepeseka, hafukolona (ya mashilingi awiri ndi theka) 14.14, yoperepeseka imatsikako pang'ono.

4. Musatsuke

Phulusa, mandimu, mchenga, sitiliwulu, polishi wa zitsulo, zakumwa za m'botolo: zonsezi zisiyeni kukhitchini. Kuda kapena kubiriwira kosalala kumene kuli pandalama yakale ndi khungu limene lapangika pa zaka zambiri, ndipo odziwa amaliyang'ana kuti adziwe kuti ndalamayo ndi yeniyeni. Mukalipala silibwereranso. Komanso timabala ndi timizere tapandalama ndito tidzakuthandizeni kuifananiza ndi chithunzi chakale, monga muone pa nambala 6. Ngati ili ndi dothi, iviikeni m'madzi oyera a mvula, sisitani pang'ono ndi chala, iume bwinobwino pansalu. Poigwira, gwirani m'mphepete.

5. Yambani kunyumba, agogo adakali moyo

Mzere wa eni ake umene inu ndi ine tingaupeze popanda dola ngakhale imodzi uli m'makomo mwathu momwemu, ndipo ukutha maliro aliwonse. Osonkhanitsa akunja amalipira zambiri kuti adziwe amene anasunga ndalama zaka 70 zapitazo, pamene ife munthuyo wakhala pakhonde akusenda nyemba.

Musapite ngati wogula. Tengani shuga kapena sopo monga mwa mwambo, khalani pamphasa, chezani kaye za mvula ndi za kumunda. Kenako muwaike ndalamayo m'manja. Musawauze nkhani imene munamva kale kuti iwo angovomera, funso lakuti "Agogo, iyi ndi ija anabwera nayo agogo aamuna ku Joni eti?" yankho lake limangokhala "Eya, mdzukulu wanga." Funsani chonchi: "Agogo, ndalama iyi munayamba kuiona liti? Inali m'manja mwa ndani?" Mukatero khalani chete, alankhule.

Akuluakulu ambiri sasunga chaka m'mutu, amasunga zochitika. Afunseni ngati inali njala ya 1949 isanagwe kapena itapita, Kamuzu asanabwere mu 1958 kapena atabwera, amayi anu ali kumsana kapena atayamba sukulu. Chaka mudzachipeza nokha pambuyo pake. Apempheni chilolezo kuti mujambule mawu awo pafoni, ndipo muyambe ndi kutchula tsiku, mudzi ndi dzina lawo ndi mfunda wawo.

M'kope mwanu siyanitsani zinthu ziwiri: chimene anaona ndi maso, ndi chimene anangomva. "Ndinaona bambo akuitulutsa m'lamba tsiku limene anafika" ndi umboni wolemera kuposa "ankati inachokera kwa mzungu wa pa esiteti." Lembani zonse ziwiri, koma chilichonse ndi dzina lake. Pakapita masiku kafunseni wamkulu wina payekha, azakhali kapena atsibweni, osawauza zimene woyamba ananena. Pamene nkhani ziwirizo zakumana ndi pamene pali polimba.

Tsopano funsani mapepala. M'sutikesi momwe munali ndalamamo nthawi zambiri mumakhalanso chitupa cha msonkho, khadi la ku mgodi, buku la ku positi, kalata yakale, khadi la ubatizo kapena chithunzi. Mendulo za asilikali a KAR (King's African Rifles) za nkhondo ya 1914 mpaka 1918 zili ndi nambala ndi dzina la msilikali m'mphepete mwake. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti mdzukulu amatola ndalamayo n'kusiya mapepala kuti chiswe chidye, kapena amawasonkhera moto poti ndi zinyalala. Zinthuzi zisalekane. Ine ndili ndi shilingi ya South Africa ya 1951 imene atsibweni anga anabwera nayo. Pamsika wa osonkhanitsa ndi yotchipa, koma ili pamodzi ndi khadi lawo la ku mgodi ndi mawu a mlongo wawo, amayi anga, ofotokoza tsiku limene anatsika basi. Pa zonse zimene ndili nazo, imeneyi ndiyo ya mzere wosaduka.

Pomaliza lembani chikalata chachidule chofotokoza zonsezi, agogo asaine kapena adinde chala, mboni imodzi isainenso. Ngati ndalamayo ikukhudza munthu wodziwika m'deralo, chidindo cha anyakwawa chimawonjezera mphamvu.

6. Iyeseni nkhaniyo ndi ndalamayo

Apa ndi pamene ambiri amalumpha, ndipo ndi pamene pagona ntchito yonse. Kulemba nkhani n'kosavuta. Chovuta n'kuiyesa, chifukwa nthawi zina mumapeza kuti nkhani imene banja lonse limainyadira siikugwirizana ndi chitsulo chili m'manjacho.

Yambani ndi chaka, poti ndalama singakhale m'thumba la munthu isanasulidwe. Sungani pamtima mzere wa mafumu a ku Britain: Victoria mpaka 1901, Edward VII mpaka 1910, George V mpaka 1936, George VI mpaka 1952, kenako Elizabeth II. Bambo wina anandibweretsera khobidi n'kunena kuti agogo ake analandira ali mtengatenga pa nkhondo ya 1914, koma pakhobidipo panali dzina la Elizabeth. Sindinawauze kuti agogo awo ananama. Mwina anapitadi kunkhondoko, ndalama yeniyeniyo n'kutayika, ina n'kudzalowa m'malo mwake zaka zikupita. Tinalemba nkhani ya agogowo patsamba lake, khobidilo patsamba lake. Chimodzimodzi za David Livingstone: anadutsadi kuno kwa Mwase mu 1863, koma anamwalira mu 1873, tsono ndalama ya 1890 si yake ngakhale pakhale nkhope ya Victoria.

Kuno ku Kasungu dzina limene limatchulidwa kwambiri ndi la Kamuzu. "Iyi Ngwazi inapereka ndi dzanja lake kwa agogo atavina bwino." Zikhoza kukhala zoona, pakuti kwawo kunali konkuno, ku Chiwengo, ndipo ankabwera kunyumba yake ya ku Nguru ya Nawambe. Koma nkhope ya Kamuzu pandalama siitanthauza kuti ndalamayo inali yake; nkhopeyo inali m'thumba la Mmalawi aliyense. Funsani: unali msonkhano uti, chaka chiti, ndani wina analipo? Pali chithunzi kapena kalata? Manyuzipepala akale amasungidwa ku National Archives ku Zomba, ndipo mukhoza kukaona ngati ulendo wotero unalembedwa. Mukalephera kupeza china choposa mawu, lembani moona kuti "malinga ndi banja." Ine paenivulopu iliyonse ndimalembapo chimodzi mwa zitatu: pali pepala, pali mboni ziwiri, kapena mawu apakamwa okha. Musakweze ndalama kuchoka pagulu lachitatu kupita loyamba chifukwa choti mtima ukufuna.

Pa ndalama za Agiriki ndi Aroma ntchito ndi yomweyi, koma mboni zake ndi mabuku a okushoni. Wogulitsa akalemba kamawu kachilatini kakuti ex, ndiye kuti "yochokera kwa." Akalemba "ex Pozzi, 1921" n'kuika nambala, akunena kuti ndalamayo inali ya Samuel Pozzi, dokotala wa ku France amene ndalama zake zachigiriki zinagulitsidwa pa okushoni chaka chimenecho, ndipo buku la malondawo linali ndi zithunzi. Mawu amenewa ndi chonena cha wogulitsa chabe mpaka inu mutaona tsambalo. Mupempheni chithunzi cha tsambalo, kenako lifufuzeni nokha. Yunivesite ya Heidelberg ku Germany inaika mabuku ambiri akale a okushoni pa intaneti kwaulere, ndipo masamba a pa intaneti a acsearch ndi CoinArchives amasunga malonda a zaka zaposachedwa.

Mukalipeza tsambalo, musayang'ane nkhope ya mfumu, yang'anani m'mphepete. Chifukwa chake ndi ichi. Ndalama zamakedzana sizinkatuluka m'makina. Wosula ankaika kachidutswa ka siliva pakati pa zidindo ziwiri zosemedwa n'kumenya ndi nyundo. Chidindo chimodzi chinkatulutsa ndalama zambirimbiri za nkhope yofanana, koma kachidutswa kalikonse kankaphwatalala mwa njira yakeyake: kena kotalika mbali imodzi, kena kong'aluka pakona, kena zilembo zina zitagwera kunja. M'mphepetemo muli ngati mabala a ng'ombe, mwini khola sasokoneza. Ikani chithunzi chakale ndi chatsopano moyandikana, muyambe pamwamba pa mutu, muzungulire pang'onopang'ono ngati muvi wa wotchi. Pamene chakale chalowa mkati, chatsopano chilowenso. Mng'alu ukhale pa chilembo chomwecho. Chitani mbali zonse ziwiri. Ndiye onani kulemera: buku likati magalamu 17.12, wogulitsa n'kuti 16.60, si ndalama imodzi. Kusiyana kwa 0.02 kapena 0.03 n'kwa masikelo chabe.

Kusiyana kwa mtundu kusakudodometseni. M'mabuku ambiri akale sankajambula ndalama yeniyeniyo. Ankaidinda m'chikombole, n'kuumba ina ya pulasitala, n'kujambula imeneyo. Tsono kuda ndi kuwala sikungafanane, koma maonekedwe a m'mphepete ndi ming'alu zimafanana.

Nzeru yomweyi imagwiranso mbala. Mukaona ndalama ziwiri "zamakedzana" zikugulitsidwa malo osiyana koma zofanana chilichonse, mpaka mng'alu ndi kuperepeseka, dziwani kuti zatsanulidwa m'chikombole chimodzi. Yotsanulira imakhala ndi kamzere kozungulira m'mbali pamene zikombole zinakumana, timaenje ngati ta thovu, ndi zilembo zofewa ngati sopo wogwiritsidwa kale ntchito. Zina zopangira alendo zimalembedwa COPY kapena WRL. Ndipo ndalama yolembedwa chaka ndi zilembo BC ndi yabodza poyera, chifukwa wosulayo sakanadziwa kuti kutsogolo kudzabadwa Yesu. Dinari ya Tiberius, mfumu ya Aroma imene inalamulira kuyambira chaka cha 14 mpaka 37, imalembedwa TI CAESAR DIVI AVG F AVGVSTVS ndipo imalemera pafupifupi magalamu 3.7. Mukasowa wokuwerengerani, kumbukirani kuti ku Mtunthama kuno Kamuzu Academy yakhala ikuphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki kuyambira 1981. Amene anadutsako akhoza kukuthandizani. Tsamba la OCRE la American Numismatic Society lili ndi zithunzi za ndalama za mafumu a Aroma zofananizira.

Ndalama zina zimabwera ndi tikapepala tozungulira tolembedwa pamanja ndi mwini wakale. Tisungeni ngati diso, koma dziwani kuti kapepala kakhoza kuchotsedwa pa ndalama ina n'kuikidwa pa inzake. Onani ngati kulemera ndi kufotokoza kwa pakapepalapo kukugwirizana ndi ndalamayo. Mawu akuti "yochokera kwa wosonkhanitsa wina wakale wa ku Ulaya," opanda dzina kapena chaka, ali ngati kunena kuti ng'ombeyi yachokera "kumpoto."

Musaganize kuti akuluakulu a malondawa sanamizidwa. Mu 2020 ku London kunagulitsidwa ndalama yagolide imene Brutus anasulitsa m'chaka cha 42 Yesu asanabadwe pokumbukira kuphedwa kwa Julius Caesar, yokhala ndi mipeni iwiri ndi mawu akuti EID MAR. Inapita pa mapaundi oposa 3 miliyoni. Ndalamayo inali yeniyeni, koma mzere wa eni ake unali wopeka. Mu 2023 wogulitsayo anamangidwa ku New York, ndalamayo n'kubwezedwa ku Greece. Tsidya lina la nkhaniyi ndi ndalama yagolide ya madola 20 ya ku America ya 1933, imene amakhulupirira kuti inali ya Farouk, mfumu ya Egypt. Zinzake za chaka chimenecho munthu wamba saloledwa kukhala nazo, koma iyi inali ndi chilolezo chotulukira m'dziko cha 1944, ndipo mu 2021 inagulidwa pa madola 18.9 miliyoni. Pepala limodzi ndilo linasiyanitsa.

7. Onetsetsani kuti wogulitsayo ndi mwini wake

Mnyamata akabwera ndi ndalama zakale m'thumba la jumbo, mufunseni ngati kwawo akudziwa. Katundu wa malemu ndi wa banja, ndipo kuno kwathu mwinimbumba ndi ana a malemu ali ndi mawu. Ine sindigula popanda kulankhula ndi wamkulu wa pakhomopo, ngakhale pafoni. Mzere umene wayamba ndi kuba m'sutikesi ya agogo simungaulembe m'kope moona, ndipo mlandu wake udzakupezani pabwalo.

Za kumanda ndi kudambwe musakhudze n'komwe, ngakhale wina akuuzeni kuti kuli mtsuko wa ndalama. Zofukula pansi nazonso zili ndi lamulo lake, la Monuments and Relics Act: chinthu chakale chikapezeka, boma liyenera kudziwitsidwa, ndipo kukumba malo akale kapena kutulutsa zinthu zotere m'dziko kumafuna chilolezo. Khasu lanu likagunda mkuwa wakale kapena mikanda m'munda, jambulani pomwepo musanasunthe, ikani chizindikiro pamalopo, dziwitsani amfumu ndi a dipatimenti ya Museums and Monuments. Malo amene chinthu chinagona ndiwo amauza akatswiri zaka zake. Chikachotsedwa mwachisawawa, mbiriyo yafufutika.

Kunja, ambiri amatenga 1970 ngati malire, chifukwa ndi chaka cha pangano la UNESCO loletsa kuzembetsa zinthu zachikhalidwe. Ndalama ya ku Greece kapena ku Italy yokhala ndi umboni woti inali kale m'manja mwa osonkhanitsa 1970 isanafike imakwera mtengo pa chifukwa chimenechi.

8. Pogula, yambani ndi zazing'ono

Ndalama yanu yoyamba yamakedzana isakhale yagolide kapena ya dzina lalikulu. Tindalama tamkuwa ta Constantine, mfumu ya Aroma imene inalamulira kuyambira 306 mpaka 337, tilipo tambiri ndipo timagulidwa ndi madola ochepa. Paphunzirireni pamenepo kuwerenga zilembo ndi kuyeza. Gulani kwa wamalonda amene amalonjeza polemba kuti adzakubwezerani ndalama zanu nthawi ina iliyonse zikadziwika kuti katunduyo ndi wabodza. Masamba a VCoins ndi MA-Shops amasonkhanitsa amalonda ambiri, koma lonjezo la aliyense muliwerenge nokha. Za pa Facebook kwa munthu wosadziwika, wokakamiza kuti mutumize lero lomwe, zisiyeni.

Okushoni yake ili ngati ya fodya ku Chinkhoma pa mfundo imodzi: mtengo umene mwamva si umene mutsale nawo. Wogula amawonjezera gawo la kampani, nthawi zambiri pafupifupi 20 peresenti, kenako mtengo wotumizira, za kubanki ndi msonkho wolowetsera katundu. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene tili nako, funsani kubanki musanapikisane nawo, chifukwa mukapambana n'kulephera kulipira, dzina lanu laipa. Werengerani zonse pamodzi, dziikireni malire, musawadumphe.

Mukagula kwa munthu wa konkuno, lipirani pa Airtel Money kapena Mpamba kuti uthengawo ukhale umboni wa tsiku, ndipo mulemberane kalata yokhala ndi dzina la wogulitsa, mudzi wake, kulemera kwa ndalamayo ndi kumene iye anaipeza.

9. Sungani, ndipo dzilembeni mumzeremo

Ndalama iliyonse ikhale ndi nambala yake, yomweyo paenivulopu, m'kope ndi pachithunzi. Jambulani mbali zonse ziwiri pakhonde m'mawa, rula ili pambali. Zithunzizo ndi masamba a kope tumizani ku imelo yanu kapena kwa mbale, pakuti foni imabedwa ndipo chiswe sichisankha pepala. Mapulasitiki ofewa amatulutsa utomoni wobiriwira umene umadya chitsulo, tsono gwiritsani ntchito pepala. Ikani zonse m'chitini chotseka bwino pamodzi ndi timatumba toyamwa chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo musalengeze m'mudzi kuti chitinicho chimagona pati.

Kuyambira Disembala mpaka Epulo tsegulani chitinicho kamodzi pamwezi. Mukaona ufa wobiriwira motuwa pa ndalama yamkuwa, wothothoka mukaukhudza ndi kamtengo, ndi matenda a mkuwa obwera ndi chinyezi. Ipatuleni pa zinzake, iume, musaibwezere m'enivulopu yakaleyo.

Pansi pa dzina la mwini womaliza lembani lanu, tsiku limene munailandira ndi njira yake: mphatso, cholowa kapena kugula. Tsiku limene mudzaipereke kwa wina, enivulopu, tikapepala takale, kalata ya agogo ndi mawu ojambulidwa aja zipite nayo limodzi, inu mutsale ndi fotokope.